Tisanaphunzitse mudzi kuwombera, tifunse kaye mwini mfuti

Chaka chatha nditapita kutchuthi kwathu ku Chonde, m'boma la Mulanje, ndinapeza mudzi wonse uli ndi mkwiyo. Akuba anali atathyola makola atatu sabata imodzi, mbuzi zonse n'kupita, ndipo mwini golosale wina anali atakhapidwa pamkono. Amfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Bambo wina amene anakhalako ku Johannesburg anaimirira n'kunena kuti, "Wawa amfumu, zibonga ndi mawezulo zatikwana. Kunjaku anzathu amaphunzira kuwombera mfuti, ana ndi akulu omwe. Bwanji nafenso tipemphe boma kuti litiphunzitse?" Anthu anawomba m'manja ndipo ine ndinawomba nawo. Amene sanawombe anali anganga okha, chonsecho pagulu lonselo ndi iwo okha amene anagwirapo mfuti yeniyeni.

Madzulo ake ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiyankha mwachidule: "Mdzukulu wanga, kulunjika mfuti n'kosavuta, mwezi umodzi ukhoza. Koma amene wakupatsa mfutiyo ndi yemwenso adzakuuze woti umuloze." Mawu amenewa andikhala m'mutu kufikira lero, ndipo andisintha maganizo. M'chimangirizo chino ndikufuna kunena kuti dziko la Malawi lisayambitse maphunziro owombera mfuti m'midzi ngati njira yothetsera umbanda, chifukwa mbiri yathu yatiphunzitsa kale kumene njira imeneyi imathera.

Poyamba ndivomereze kuti bambo uja sananame. Ku United States kuli bungwe la Civilian Marksmanship Program, limene chiyambi chake ndi lamulo la 1903, ndipo limaphunzitsa anthu wamba, achinyamata ndi achikulire, kulasa chandamale ndi mfuti. Ku Switzerland, mumzinda wa Zurich, chaka ndi chaka mu Seputembala mumachitika mpikisano wa Knabenschiessen wa ana a zaka 13 mpaka 17, ndipo kuyambira 1991 atsikana amalowa nawo. Kuwombera chandamale ndi masewero a Olimpiki kuyambira 1896. Amene amakonda masewerowa amati amaphunzitsa kudekha ndi kumvera malangizo, ndipo ine sindikutsutsa. Komabe ngakhale ku Switzerland komweko, mu 2007 boma linasiya kupatsa asilikali zipolopolo zokasunga kunyumba. Ngati dziko lamtendere chotere linaona kuti mfuti ndi chipolopolo zisagone nyumba imodzi, kuli bwanji ife?

Kuno kwathu maphunziro otere si achilendo. Tinawayesa kawiri. Koyamba kunali m'nthawi ya atsamunda. Mu 1901 kunakhazikitsidwa gulu la anthu odzipereka limene pambuyo pake linadziwika kuti Nyasaland Volunteer Reserve. Anali azungu a m'maesiteti, a m'masitolo ndi a m'maofesi, amene boma linkawapatsa mfuti ndi zipolopolo kuti aziphunzira kulasa chandamale. Poona zinkaoneka ngati masewero a Loweruka. Koma mu Januwale 1915, M'busa John Chilembwe ataukira ulamuliro wa atsamunda ku Chiradzulu, gulu lomweli linali m'gulu la amene anatumidwa kukasaka anthu ake. Luso limene ankaliphunzira pa chandamale cha pepala linagwira ntchito pa anthu akuda a dziko lino.

Kachiwiri tinayesa tokha, titadzilamulira. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963 ngati nthambi ya chipani cha Malawi Congress, ndipo alangizi ochokera ku Israel anathandiza kulikhazikitsa. Anganga analowa gululi ali mnyamata. Iwo sabisa zabwino zimene anaphunzirako: kulima mizere yowongoka, ukalipentala, kusunga nthawi ndi ukhondo. Anaphunziranso perete ndi kugwira mfuti. Vuto linali loti apayoniya sankayankha kwa amfumu, kwa apolisi kapena kubwalo la milandu, koma kwa mtsogoleri wa chipani, Dr Hastings Kamuzu Banda. Lamulo la 1965 linawapatsa chitetezo choti wapolisi sakanatha kumanga mpayoniya mwachisawawa popanda kudziwitsa akuluakulu a gululo. Zotsatira zake makolo athu amazikumbukira bwino: kuletsedwa kulowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ndiponso kuzunzidwa kwa a Mboni za Yehova, amene ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972. Anganga akafika pamenepa amangoti, "Tinkati tikuteteza dziko," kenako n'kukhala chete.

Mathero ake anali magazi. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, patangopita miyezi yochepa Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni, apayoniya anawombera ndi kupha asilikali ku Mzuzu. Asilikali anabwezera ndi ntchito yolanda zida imene inatchedwa Operation Bwezani. Anathira nkhondo maofesi ndi makampu a apayoniya, anthu anafa, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Tiganize bwino apa. Panafunika gulu lonse lankhondo la dziko kuti lilande mfuti zimene boma lomwelo linapereka kwa ana ake. Kugawa mfuti kumatenga tsiku limodzi, koma kuzitolera kumadya miyoyo.

Ife a ku Mulanje tili ndi phunziro linanso kutsidya kwa malire. Nkhondo ya ku Mozambique pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, inabweretsa m'dziko muno anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri analowera cha ku Muloza. Nkhondo itatha, mfuti za AK-47 sizinathe nayo. Zinatsala m'manja mwa anthu, zina n'kudutsa malire, n'kumagwiritsidwa ntchito pa umbanda. Mu 1995 bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri anadula mfuti zina n'kupanga nazo ziboliboli, ndipo chimodzi chotchedwa Tree of Life chinaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Anansi athu anavutika zaka ndi zaka kuchotsa mfuti m'midzi. Kodi ife tiziitanire dala?

Wina anena kuti nthawi imeneyo inapita, lero tili mu demokalase. Zoona, koma mitima yathu sinasinthe kwenikweni. Nthawi ya kampeni timaona achinyamata a zipani atanyamula zikwanje. M'midzi timamva za munthu woganiziridwa kuba amene watenthedwa asanaonekere kukhoti, ndiponso za nkhalamba zophedwa poganiziridwa ufiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kuno ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, popanda ndi mfuti yomwe. Tangoganizani usiku ngati umenewo, mudzi uli ndi anthu makumi awiri odziwa kulasa. Kwathu mkangano wa malire a munda ndi wa tsiku ndi tsiku chifukwa malo ndi ochepa. Lero umathera kwa amfumu ndi chindapusa cha nkhuku. Mfuti ikalowapo udzathera kumanda.

Tsono mbuzi zathu zizingopita? Ayi. Wakuba mbuzi amadalira mdima, msika wosafunsa ndi apolisi ofika mochedwa. Zimenezi ndi zimene tiyenera kulimbana nazo. Achitetezo a m'mudzi apatsidwe matochi, mawezulo ndi foni yoimbira apolisi. Wogulitsa nyama pamsika azionetsa kalata ya amfumu yosonyeza kumene chiweto chachokera. Tiumirize aphungu athu kuti apolisi akhale ndi galimoto ndi mafuta. Lamulo la mfuti la 1967 likufuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo khomo limeneli lisakulitsidwe chifukwa cha mkwiyo wa sabata imodzi.

Nanga achinyamata amene akungofuna luso lolasa? Amenewa ndili nawo limodzi. Mwana aliyense wa ku Chonde anakula ndi legeni m'khosi. Gule wa tchopa, amene amavinidwa pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde pomwepa mu Okutobala, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014, kale ankavinidwanso alenje akabwerako bwino ku uzimba. Kulasa ndi mbali ya chikhalidwe chathu. Mmalawi Areneo David anapikisana nawo pa masewero a uta ndi mivi ku Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ya ku Tokyo mu 2021. Bwanji sukulu zathu zisayambitse makalabu a uta ndi mivi, kuti ana, makolo ndi agogo azipikisana pabwalo limodzi? Kudekha ndi kumvera malangizo kumene anthu amatamanda pa mfuti kumapezekanso pa uta, ndipo palibe wandale amene angalande boma ndi mivi ya ana asukulu.

Pomaliza, akulu anati safunsa anadya phula. Tsiku lina munthu akadzabwera m'mudzi mwathu ndi mfuti zaulere ndi mlangizi wake, tisadzathamangire kufola pamzere. Tidzamufunse kuti mfutizo n'zandani, zizigona kuti, azilamula ndani, ndipo adzazitolera ndani zinthu zikadzavuta. Msonkhano wa pansi pa mango uja unatha anthu atagwirizana zosonkha ndalama zogulira matochi. Anganga anapereka nawo, ndipo ndi iwo amene akuphunzitsa anyamata a m'mudzi kulondera mosinthana usiku. Pa zonse zimene anaphunzira ku upayoniya, mfuti yokha ndi imene akana kuphunzitsa munthu.