Makina a tepi asapusitse omanga situdiyo pa Mitundu ndi pa Nathenje

Aliyense amene akumanga situdiyo yojambulira nyimbo m'nyumba mwake pa Mitundu kapena pa Nathenje, ndipo mtima wake wagwa pa makina akale ojambulira pa tepi, ayenera kuyamba wafunsa za magetsi, za kumene matepi azichokera ndi za mmisiri amene azikonza makinawo, asanafunse n'komwe dzina la kampani imene inawapanga. Mkangano umene wadzaza pa YouTube, woti kodi Tascam imaposa Fostex kapena Otari imafikako pa Studer, ndi wa anthu a ku London, Berlin ndi Nashville, amene magetsi awo sathima, amene amaitanitsa tepi lero n'kuilandira mawa, ndiponso amene ali ndi amisiri okalambira pa ntchito imeneyi. Kuutenga mkanganowo osausefa n'kuuikira ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimene banja lapeza pa msika wa Mitundu, ndi kuwononga chuma mwadala.

Tepi ndi kalamba kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa fumbi lachitsulo losalala kwambiri, ndipo makina ojambulira amasandutsa mawu kukhala mphamvu ya maginito imene imasiya chizindikiro pa fumbilo pamene kalambako kakudutsa pa hedi, kachitsulo kamene kamalemba mawuwo kapena kuwawerenga. Njira imeneyi imatchedwa analogi chifukwa chizindikirocho chimakwera ndi kutsika motsanzira mawu enieniwo, pamene kompyuta imawayeza mawuwo kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kuwasunga ngati manambala. Kampani ya AEG inaonetsa makina a mtunduwu ku Berlin mu 1935, Philips inatulutsa kaseti mu 1963, ndipo mu 1979 kampani ya TEAC ya ku Japan inatulutsa Portastudio 144, kamakina kojambula mizere inayi ya mawu pa kaseti, kamene kanaloleza woyimba kujambula gitala payekha, ng'oma payokha ndi mawu paokha ali kuchipinda kwake. Okonda tepi sanama akamanena kuti ili ndi kakomedwe kake, pakuti mawu akakwera kwambiri tepi siwang'amba mwadzidzidzi monga imachitira kompyuta, koma imawapanikiza pang'onopang'ono, motero ng'oma ndi besi zimamveka zonenepa ndi zofewa m'khutu. Funso ndi loti kakomedwe kameneko kagulidwa pa mtengo wanji, ndipo agule ndani.

Malawi sakufunika kuphunzitsidwa za tepi ndi anthu akunja, chifukwa mbiri yaikulu ya nyimbo za dziko lino inalembedwa pa tepiyo. Hugh Tracey anayendayenda mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula oyimba a m'midzi, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Gerhard Kubik anayamba kujambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndipo wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inakhala kwa zaka zambiri malo aakulu kumene oyimba ankajambulira nyimbo zawo pa matepi okulungidwa pa magudumu. M'zaka za m'ma 1990 nyimbo za ku Balaka, za Paul Banda, Lucius Banda ndi Alleluya Band, zinafika m'midzi ya Lilongwe pa makaseti, ambiri mwa iwo odzera m'sitolo za O.G. Issa. Komabe palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anasankha tepi chifukwa cha kufewa kwa mawu ake. Anaigwiritsa ntchito chifukwa panalibe china, ankalimbana ndi kasokosera kake kosalekeza tsiku ndi tsiku, ndipo kompyuta itafika masitudiyo a m'dziko muno anaisiya tepi osacheuka. Zimadabwitsa kuti chimene akuluakulu a ntchitoyi anachitula pansi ngati katundu wolemetsa, lero chikutsatsidwa kwa adzukulu awo ngati chuma chobisika.

Makina a tepi amasiyana pa kukula kwa tepi, pa kuchuluka kwa mizere ndi pa liwiro limene tepiyo imayendera. Tascam 38 imajambula mizere 8 pa tepi ya theka la inchi, Fostex A-8 imapanikiza mizere 8 yomweyo pa kota ya inchi, pamene makina a Studer a mizere 24 amafuna tepi ya mainchi awiri ndipo amalemera makilogalamu oposa 200. Mzere ukachepa m'lifupi kasokosera kamakula, n'chifukwa chake makina ang'onoang'ono amadalira zipangizo zochepetsera phokosolo zotchedwa dbx kapena Dolby, zimene nazonso zimasokoneza mawu zikapanda kuchunidwa bwino. Wogula amene akuganiza kuti Fostex yotsika mtengo imupatsa mawu a zimbale zotchuka za m'ma 1970 akudzinamiza, popeza zimbalezo zinajambulidwa pa makina aakulu aja, m'zipinda zomangidwira ntchitoyo, ndi anthu olembedwa ntchito yongosamala makinawo basi.

Nkhani ya matepi ndiyo imagwetsa ulesi kwambiri munthu akaiwerengetsa bwino. Gudumu lalikulu limanyamula tepi yotalika mamita 762, ndipo pa liwiro la masentimita 38 pa sekondi, limene akatswiri amalitenga ngati loyenera nyimbo, tepiyo imatha pa mphindi 33 zokha. Kwaya imene ikufuna chimbale cha nyimbo 10 za mphindi zisanu iliyonse, ikayesa nyimbo iliyonse katatu n'kusunga zonse, yadya magudumu asanu isanayambe n'komwe kusakaniza mawu. Kampani ya Quantegy ya ku Alabama, imene inatenga malo a Ampex pa kupanga matepi, inasiya ntchitoyi mu 2007, ndipo mwa makampani ochepa amene atsala muli ATR Magnetics ya ku Pennsylvania ndi Recording The Masters ya ku France. Izi zikutanthauza kuti mphindi iliyonse ya nyimbo iyenera kulipiridwa ndi madola kapena mayuro, m'dziko limene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza.

Wina angati agula matepi akale otsika mtengo, koma kumeneko ndiye kuli msampha woipitsitsa. Matepi ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 456, anapangidwa ndi zomatira zimene zimayamwa chinyezi, moti pakapita zaka fumbi lachitsulo lija limayamba kunyeta n'kumakanirira pa hedi ngati phula lofiirira, tepi imalira ikamayenda, kenaka makina amaima. Osunga zakale amaichiritsa kwa kanthawi poifunditsa kwa maola ambiri pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 50 m'chipangizo choyezedwa bwino, osati mu uvuni wophikira sikono. Nyumba ya pa Nathenje imene makoma ake amanyowa kuyambira Disembala mpaka Malichi, kenaka n'kudzaza fumbi la Seputembala ndi Okutobala, ndi malo amene matendawa amakula msanga, ndipo chuku sichichedwa kumera m'mbali mwa gudumu. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za magetsi nazo n'zosabisika. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo madera a kunja kwa mzinda amadziwa bwino kuti kuthimathima sikunayambe nthawi imeneyo. Laputopu imapitiriza kujambula pa batire yake magetsi akathima, ndipo sola yaing'ono imaikwanira, pamene makina a magudumu, okhala ndi mamota atatu, amaima pakati pa nyimbo, anthu makumi atatu amene apalasa njinga kuchokera kumidzi atayimirira kale pa mzere. Palinso vuto lina limene ogulitsa a pa intaneti salitchula. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pamene a ku America ndi a mavoti 120 osinthasintha ka 60, a ku Japan ndi a mavoti 100. Thiransifoma imakonza mavoti okha, koma makina ena akale ali ndi mota imene liwiro lake limatsatira kusinthasintha kuja, motero makina opangidwira America amayenda mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 akafika kuno, ndipo akalumikizidwa ku jenereta yaing'ono imene imakwera ndi kutsika, mawu a woyimba amagwedezeka ngati akulira.

Chachikulu pa zonsezi ndi mmisiri. Makina a tepi amafuna kuchunidwa kawirikawiri pogwiritsa ntchito tepi yapadera yoyezera, imene ili ndi mawu odziwika kukwera kwake, ndipo tepi yoyezerayo iyenera kugwirizana ndi muyezo wa makinawo, kaya wa ku America wotchedwa NAB kapena wa ku Ulaya wotchedwa IEC. Hedi iyenera kupukutidwa ndi thonje loviika mu spiriti yoyera tsiku lililonse la ntchito, iyenera kuchotsedwa maginito otsalira, ndipo imaperepeseka ndi kukhuzika kwa tepi mpaka mawu opyapyala a soprano ndi a chisekese amazimiririka. Kagudumu ka labala kopanikiza tepi kamauma kapena kusungunuka, malamba amatamuka, ndipo zonsezi zikuchitika pa makina a zaka 30 mpaka 50 amene ambiri mwa makampani ake anasiya kalekale kupanga zipangizo zake. Okonza mawailesi ndi maampulifaya a pa Mitundu ndi anthu aluso, amene amadzutsa zinthu zimene kwina zikanatayidwa kudzala, koma luso silingasule hedi ya mizere 8 imene kulibe.

Chimene chimawononga nyimbo zojambulidwa m'nyumba za m'derali si kompyuta ayi. Ndi denga la malata lopanda siling'i limene limasanduka ng'oma mvula ikagwa, makoma a simenti osaphimba amene amabweza mawu, chigayo cha pafupi, njinga zamoto za kabaza, malole a pa msewu wa M1, ndi maikolofoni imodzi yotsika mtengo imene ikuyembekezeka kumva kwaya yonse. Ndalama zogulira makina a tepi ndi kuwabweretsa kuno zikanaikidwa pa siling'i, pa nsalu zokhuthala ndi matiresi a m'makoma, pa maikolofoni awiri abwino ndi pa sola yokhala ndi batire lodalirika, kusintha kwake kukanamveka ngakhale pa foni, kumene nyimbo zambiri zimathera anyamata a pa msika akazithira m'memori khadi.

Chinthu chimodzi chimene tepi inkaphunzitsa, ndipo n'chofunikadi kuchilira, ndi mwambo. Popeza tepi inali yodula ndipo kukonza cholakwa kunali kovuta, gulu linkafika litakonzeka, linkayimba pamodzi, ndipo wolakwitsa ankabweza anzake onse pachiyambi. Masiku ano makwaya ambiri amajambulidwa munthu mmodzimmodzi pamwamba pa kiyibodi imene yayimba kale ng'oma ndi besi, mawu n'kuwongoledwa ndi pulogalamu mpaka amayi a Chigwirizano kumveka ngati makina. Koma mwambowo sugulidwa ku Japan, pakuti mwini situdiyo angathe kungolamula kuti gulu liyimbe pamodzi, maulendo atatu okha, popanda kuwongola mawu. Madalitso Band ya ku Lilongwe yazungulira Ulaya ndi babatoni, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, ndipo chimene anthu amalipirira kumeneko ndi kayimbidwe ka anthu awiri ogwirizana.

Amene wamva zonsezi koma mtima ukukanabe, asayandikire makina a mizere yambiri. Asankhe a mizere iwiri a kota ya inchi, monga Revox B77, amene mota yake ili ndi chowongolera liwiro chakechake, akhale opangidwira mavoti 220 mpaka 240 monga opezeka ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo awagwiritse ntchito podutsitsapo nyimbo yomalizidwa kale pa kompyuta, tepi imodzi n'kumaifufuta ndi kuibwereza. Asalipire asanawamve akujambula ndi kuyimba, ndiponso asanayendetse chikhadabo pa hedi kuti amve ngati yakumbika. Portastudio ya kaseti ndi yopepuka ndipo malamba ake savuta kwenikweni, koma imafuna makaseti a mtundu wachiwiri, aja ankatchedwa a chrome, amene lero ndi osowa.

Makina a tepi amene akufunikadi m'derali ndi ena, ndipo ndi otsika mtengo kuposa onsewa: choyimbira makaseti chabwino chimodzi cholumikizidwa ku kompyuta. M'masutikesi ndi m'makabati a m'midzi ya pakati pa Bunda, Mitundu, Nathenje ndi Nkhoma muli makaseti a makwaya a CCAP, a Katolika ndi a mipingo ina, a magulu a zisudzo ndi a maukwati, amene ambiri mwa iwo sanalowepo m'nkhokwe ya MBC ndipo akuwonongeka chaka ndi chaka. Ntchito yowapulumutsa imafuna kusamala: kapadi kakang'ono kopanikiza tepi m'kati mwa kaseti kakagwa kabwezeretsedwe, kasikuluwu ka pambali pa hedi kapotozedwe pang'onopang'ono pa kaseti iliyonse mpaka mawu opyapyala atatuluka bwino, ndipo zojambulidwazo zisungidwe ngati WAV, imene sichotsa kanthu pa mawu, osati MP3 imene imataya zina kuti ichepe. Dzina la kwaya, mpingo, chaka ndi opeka nyimbo zilembedwe nthawi yomweyo akuluakulu odziwa akadali moyo, makope awiri asungidwe m'nyumba zosiyana, ndipo wofuna kuzigulitsa kapena kuziika pa intaneti ayambe wapempha eni ake, popeza lamulo la zokopera la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza nyimbo ya kwaya ya kumudzi mofanana ndi ya woyimba wa m'tauni.