Chimbale choyamba: mawu ndi ake, nanga nyimbozo mwini wake ndani?

Asisi, lero tikambe za chimbale choyamba.

Mtsikana akatulutsa nyimbo imodzi timati wachita mwayi. Akatulutsa yachiwiri timati pali amene akumukankha. Akatulutsa chimbale chathunthu, nyimbo 10 kapena 12, funso limene limayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp silikhala lakuti "mwamva mmene wayimbira?" Ayi. Limakhala lakuti "kodi situdiyo akumulipirira ndani?" Ndipo tonse tikudziwa zimene ofunsawo akutanthauza. Mnyamata akatulutsa chimbale palibe amene amafufuza kumene anagona. Amangoti mfana uja ndi wolimbikira.

Funso la ndalamali tisalitaye, koma tilitembenuze. M'malo mofunsa kuti wamulipirira ndani pofuna kumunyoza, tizifunsa kuti nyimbozo mwini wake ndani pofuna kumuteteza. Chifukwa atsikana ambiri oyimba sagwa chifukwa choti mawu awo ndi oipa. Amagwa pa chimbale choyamba chomwecho, pamene ali ndi njala yoti amveke ndipo aliyense wowauza kuti "ndikuthandiza" amaoneka ngati mngelo.

Ambiri a ife tinakula tikumva Toni Braxton pa wailesi, m'masaluni ndi m'mafoni a achemwali athu. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1993. Chinagulidwa makope mamiliyoni, ndipo anapata nacho mphoto za Grammy. Chachiwiri, cha mu 1996, nachonso chinagwedeza dziko lonse. Koma pofika 1998 mayi ameneyu anali kukhoti kukalengeza kuti sangathe kubweza ngongole zake. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti mgwirizano umene anasainira ali wamng'ono unkamupatsa kagawo kochepa kwambiri. Nyimbo zikulira paliponse, mwini mawu m'thumba muli mbee.

Anita Baker, amene chimbale chake choyamba payekha chinatuluka mu 1983, anafika mu 2021 akumenyerabe nkhondo yoti nyimbo zake zibwerere m'manja mwake. Anachita kupempha omutsatira kuti ayambe asiya kugula ndi kumvera nyimbozo pa intaneti mpaka nkhaniyo itatha. Chaka chomwecho analengeza kuti zatheka. Tawerengani zaka zimenezo, asisi. Ngati zinawachitikira amenewa ku America, kumene kuli maloya a zoyimba mbwee, kuli bwanji mtsikana wa ku Namiasi amene akusainira pepala m'kachipinda ka situdiyo, magetsi atazima, producer akumuuza kuti fulumira?

Kwathu kuno tili nawo amayi amene anafika pa chimbale choyamba n'kumveka kunja. Malia anabadwira ku Malawi, anasamukira ku London ali mtsikana, ndipo mu 2002 anatulutsa Yellow Daffodils, chimbale cha jazz ndi soul chimene anapanga ndi André Manoukian wa ku France. Mu 2016 anatulutsa china n'kuchitcha Malawi Blues/Njira. Keturah wa ku Mwanza anatulutsa chimbale chodziwika ndi dzina lake lomwe mu 2023, chojambulidwa ku Hen House Studios ku California, ndipo mmodzi mwa amene anaimba nawo zing'wenyeng'wenye ndi John Densmore wa gulu la The Doors. Hazel Mak anatibweretsera mphoto ya AFRIMA mu 2018, m'gawo la oyimba a mu Africa okhala kunja.

Timawanyadira onsewa, ndipo palibe cholakwa kukajambulira kunja. Koma mwaona chimene chikufanana pa nkhani zawo? Ndege. Ndiye funso langa ndi ili: mtsikana amene alibe pasipoti, amene sanakwerepo ndege, amene ali ku Mangochi lero lino, chimbale chake choyamba chidzachokera kuti?

Ndatchula Mangochi dala. Boma limeneli lakhala bwalo la zoyimba la dziko lino kwa zaka zambiri. Lake of Stars inachitikira ku Sunbird Nkopola mu 2010, 2011, 2014 ndi 2015. Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda nayo yachitikirapo pamchenga womwewo. Ife a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe timasunga ndalama miyezi ingapo, kugula zovala za kunyanja, kukwera basi, kukavina masiku atatu, kujambulitsa zithunzi dzuwa likulowa, n'kubwerera. Mangochi timaidziwa ngati malo okasangalala.

Koma atsikana a konko timawaona ali kuti pa masiku atatu amenewo? Akutiyalira pabedi m'malo ogona alendo. Akutigulitsa chambo chootcha ndi chipisi kunja kwa geti. Akutiluka tsitsi. Ntchito zonsezi ndi zaulemu. Koma ulendo wina mukadzaona chikwangwani cha phwando lililonse la kunyanja, dzawerengeni nokha mayina a akazi, kenako mwa akaziwo muwerenge a m'boma lomwelo. Zala za dzanja limodzi zidzakukwanirani.

Si kuti kulibe mawu. Aliyense amene anakhalapo pa ukwati ku Mpondasi kapena ku Makawa akudziwa. Amene anamvapo amayi akuimba kaswida, kapena kwaya ya atsikana ku Malindi Lamulungu m'mawa, kapena manganje pa nthawi ya zinamwali, akudziwa kuti kuimba mogwirizanitsa mawu, wina kutsogola ena kuyankha, atsikana a kumeneko amakula nako. R&B nayo inaphukira m'kwaya za m'matchalitchi a anthu akuda ku America. Amene amati nyimbo zamtunduwu ndi zachizungu, zosayenera mwana wa kunyanja, sanamvetsere bwino. Chimene sitinamve mokwanira ndi R&B ya m'Chiyao, yoimbidwa ndi mwini chinenerocho.

Ndipo nkhani zoti aimbe zilipo zodzaza bwato. Mtsikana amene mwamuna wake anapita ku Joni patangotha miyezi itatu chikwatirane, n'kumangolankhulana pa foni mpaka foniyo inasiya kulira. Mayi wogula usipa padoko amene amauzidwa kuti ndalama yokha sikwanira. Mwana wa Sitandade 7 amene akumukonzera banja pamene Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nyimbo za chikondi ndi zosweka mtima zimene timamvera zambiri analemba ndi amuna, ngakhale zikamakamba za ife. Chimbale ndi malo amene mkazi amapeza mphindi 40 zoti alankhule popanda womudula pakamwa.

Ena anena kuti masiku ano chimbale n'chachikale, bola kanyimbo kamodzi kagunde pa TikTok basi. Pali choona pamenepo. Chimbale chimadya ndalama, ndipo kanyimbo kamodzi kangathe kukutsegulira zitseko. Koma kanyimbo kamodzi kamatha ngati bandulo ya tsiku limodzi. Wokonza phwando akafuna kukupatsa ola lathunthu pa siteji, amafunsa kuti uli ndi nyimbo zingati. Ukakhala ndi imodzi, umayimba masana dzuwa lili pamutu, anthu asanabwere, n'kulipidwa thiransipoti. Ukakhala wongothira mawu okoma pa kolasi ya nyimbo ya mwamuna, dzina lako limabwera pambuyo pa "ft", ndipo nthawi zina silibwera n'komwe. Chimbale ndi munda. Umakolola chaka chino, umakololanso chaka chamawa. N'chifukwa chake nkhani ya mwini munda ili yaikulu.

Tsono tiyeni tilowe mu situdiyomo. Mtsikana alibe ndalama. Wina akuti, "Iwe uli ndi luso, ndikujambula ulere." Ulere umenewu nthawi zambiri umabwera ndi mitengo iwiri.

Mtengo woyamba tonse tikuudziwa. Nthawi yojambula imangopezeka usiku. Ubwere wekha, anzako amasokoneza. Ukakana, nyimbo yako imakhala mu kompyuta chaka chathunthu, ukafunsa akuti sinathe. Si ma producer onse, alipo ambiri aulemu amene amagwira ntchito yawo mwachilungamo, koma palibe mtsikana woyimba amene sanamvepo nkhani yotere. Izi zili ndi dzina m'malamulo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere, ndipo wopezeka wolakwa angathe kukakhala kundende zaka 5. Lamuloli silinanene kuti situdiyo ndi dziko lina.

Mtengo wachiwiri ndi wachinsinsi, ndipo umapweteka mochedwa. Mu nyimbo imodzi muli maumwini angapo: wa amene analemba mawu, wa amene anapeka kayimbidwe, wa amene anaimba, ndi wa chojambulidwacho. Amene wakonza ndi kulipira zojambula angathe kunena kuti chojambulidwacho ndi chake ngati simunagwirizane zina. Ndiye nyimbo ija ikagunda, kampani ikaifuna pa malonda, kapena ikayamba kubweretsa kenakake pa YouTube, umapeza kuti ili pa akaunti ya munthu wina, ndipo ku ofesi yolandirira ndalama kunalembedwa dzina la munthu wina. Iwe watsala ndi kutchuka. Kutchuka sikugula ufa.

Chemwali amene ukukonza chimbale chako choyamba, kaya uli ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Ndirande kapena ku Area 25, tamvera izi.

Musanajambule, lembani. Ngakhale papepala la m'kope: nyimbo iyi walemba ndani, kayimbidwe wapeka ndani, walipira ndani, ndalama zikabwera mugawana bwanji. Musaine nonse, pakhale mboni, ujambule pepalalo pa foni. Munthu amene akukwiya chifukwa wapempha kulemba wakuuza kale zimene amafuna kudzachita.

Pepala limene sukulimvetsa usasaine tsiku lomwelo. Pita nalo kunyumba, upeze wina wodziwa akuwerengere. Mawu onena kuti ukupereka umwini wonse kwamuyaya ukawaona, ima kaye.

Kalembetse ku COSOMA m'dzina lako, iwe mwini, osatuma munthu. Bungweli ndi limene limatolera ndalama za umwini ku mawailesi, ma TV ndi malo azisangalalo, komanso limagawa ndalama zimene zimadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo. Lamulo la Copyright Act la 2016 lilipo chifukwa cha anthu ngati iwe. Koma ndalama sizitsata mawu okoma, zimatsata dzina limene lili m'kaundula.

Ukalipira situdiyo, tenga mafayilo ako onse, osati kanyimbo kotumiziridwa pa WhatsApp kokha. Akaunti ya YouTube, ya Facebook, ya kulikonse kumene nyimbo zako zikukhala, password ikhale yako. Chibwenzi chimatha, manejala amasintha. Ndipo ku situdiyo pita ndi mnzako. Sukuyenera kupepesa kwa wina aliyense pa zimenezi.

Tsopano ife omvera, tisadzichotsemo. Timakonda kunena kuti timasapota atsikana anzathu, koma chimbale chikatuluka timathamangira kofunsa kuti "ali nayo anditumizire". Timapita kowotchetsa nyimbo pa memory card, woyimba osapeza ngakhale tambala. Tikiti ya woyimba wochokera kunja timagula mwezi usanakwane, koma mtsikana wakwathu akamakhazikitsa chimbale timafunsa ngati pali zolowa ulere. Tikatero tikumubwezera tokha m'manja mwa uja wa "ndikujambula ulere". Mtsikana amene ali ndi anthu 200 okonzeka kumutumizira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba chimbale chisanatuluke, amalowa mu situdiyo ngati kasitomala, osati ngati wopempha. Amatha kunena kuti ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo timadziwa kale kusonkherana: timachita pa bridal shower, timachita ku banki m'khonde. Chimbale cha mnzathu chalakwa chiyani?

Mangochi ili ndi mbiri imene ingatilimbitse mtima. Wailesi ya Dzimwe, imene inayambira ku Monkey Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inakhazikitsidwa ndi bungwe la amayi atolankhani la MAMWA mothandizidwa ndi UNESCO, kuti amayi a kumudzi amveke. Amayi amenewo sanadikire kuti wina awapatse mphindi zisanu pa wailesi yake. Anafuna maikolofoni yawoyawo. Pa zoyimba napo pakufunika zomwezo: atsikana ophunzira kujambula ndi kusakaniza nyimbo, atsikana oyendetsa oyimba, atsikana okhala pampando umene amasankhirapo mayina opita pa chikwangwani. Ndipo inu okonza maphwando a kunyanja, mchenga mukuugwiritsa ntchitowo uli ndi eni ake. Kupatula nthawi yabwino, ya madzulo anthu atadzaza, kwa woyimba wamkazi wa m'boma lomwelo si chifundo. Ndi lendi.

Ngati mukudziwa mtsikana wa ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Makanjira kapena kulikonse m'mbali mwa nyanja amene amaimba, mutumizireni izi asanasaine kalikonse. Mutiuzenso dzina limene amaimbira kuti timumvere. Ndipo tsiku limene adzatulutse chimbale chake, funso loyamba lidzakhale lakuti tigule kuti.