Manyazi a Abambo Asalemeletse Ogulitsa Mankhwala

Ndalama za cimanga ndi nshawa zikangolowa m'thumba, ogulitsa mankhwala a "mphamvu za abambo" amaculuka pamisika ya Katete ndi Sinda. Malonda ao amayenda cifukwa abambo ambili amadziona opelewela. Wina adandaula kuti mimba yakula, wina akuti anabadwa wocepekedwa, wina wabisa phudzi zaka zambili.

Ife tikuona kuti nthawi zina vuto limayambila m'maganizo. Mwamuna akalowa kucipinda ndi mantha akuti amai akunyumba amuseka, thupi limamukanila, ndipo mawa lake mantha amakula. Botolo la pamsika silicotsa mantha amenewo, komanso wogula sadziwa zimene zili mkati. Mu 2019 cakumwa ca SX copangidwa ku Ndola cinaletsedwa atapezamo sildenafil, mankhwala a mu Viagra, amene ndi oopsa kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima.

Nthawi zina kufooka m'nyumba ndi cizindikilo ca matenda a shuga kapena BP, ndipo zimenezi amapima pa kiliniki. Phudzi nalo limatha ndi opaleshoni, ndipo cipatala ca St Francis tili naco pafupi.

Amai ali ndi alangizi amene amakamba nao za m'banja mosabisa. Abambo amangotolela nzelu pa nsolo ndi pa mowa. Tikupempha magulu a abambo m'mapalishi a Katete, Sinda ndi Vubwi kuti aitane a zaumoyo pa msonkhano wao wotsatila, ankhoswe naonso akhalepo.