Mtundu wa sileti umanena za mkati mwa mwala

Achikulire ambiri amakumbukira sileti imene ankalembapo kusukulu. Mwala womwewo, ukang'ambidwa mopyapyala, umafolera nyumba, ndipo denga lake likhoza kupitirira zaka 100. Ku Seke, limodzi mwa madera atatu amene anapanga Chitungwiza mu 1978, nyumba zambiri zinafoleredwa ndi asibesitosi. Madengawo akalamba, ndipo mabanja amene akukonza nyumba za makolo awo, kuphatikizapo zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ayenera kusankha chofolera china. Wosirira sileti asayambe ndi kufunsa mtundu umene ukongole.

Mtundu wa sileti suchita kupakidwa ngati wa malata. Umachokera m'zimene zili mkati mwa mwalawo. Sileti yakuda ya ku Galicia, m'dziko la Spain, imada chifukwa cha kaboni. Yofiira ya ku Granville, ku New York, ndi yofiirira ya ku Penrhyn, ku Wales, zimatenga mtundu ku chitsulo chotchedwa hematite. Yobiriwira ya ku Vermont ili ndi chlorite. Kufupi ndi kuno, ku Swartruggens m'dziko la South Africa, amakumba yotuwa ndiponso yamawangamawanga. Koma timadontho tonyezimira ngati golide, totchedwa pyrite, tikhoza kuchita dzimbiri mvula ikamagwa, n'kudetsa denga kapena kuboola mwalawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mmisiri wodziwa amagogoda sileti iliyonse: yabwino imalira ngati belu, yong'aluka imalira mogonthera.

Nkhani ina ndi kulemera. Sileti imalemera kangapo kuposa malata, komanso imafuna denga lotsetsereka kwambiri kuti madzi asalowe pakati pa miyala. Nyumba zakale za ku Seke zili ndi madenga ogona ndi mitengo yochepa, yoyenera asibesitosi. Kuikapo sileti osasintha mitengoyo ndi kuika miyoyo ya ogona m'nyumbamo pachiswe.

Choncho banja lifunse kumene mwalawo unakumbidwa, liitane mmisiri aone mitengo ndi zipupa, mtundu ubwere pamapeto. Ngati ndalama sizikwanira zonsezi, malata olimba ndi abwino kuposa sileti yokongola pa denga lofooka. Pochotsa asibesitosi wakale, asaswedwe kapena kuchekedwa, pakuti fumbi lake limawononga mapapo.