Sitima itachoka, njinga zinalowa

Funsani wakabaza aliyense chomwe amaopa kwambiri pa ntchito yake. Satchula chitunda kapena dzuwa la mu Okutobala ayi. Atchula hutala wa thiraki yomwe ikubwera kumbuyo, iye atanyamula munthu pa kaliyala, kwinaku m'mphepete mwa tala mutadyeka. Pa misewu yathu lamulo losalembedwa n'lakuti wamng'ono apatuke, ndipo njinga imapatukadi, nthawi zina mpaka kukathera m'ngalande.

N'chifukwa chake sabata ino ndafuna tikambe za njira ina ya ku England yomwe galimoto siloledwa kupondamo. Imachokera mumzinda wa Bristol kukafika ku Bath, mtunda wa makilomita oposa 20, kudutsa m'midzi, m'minda ndi m'mbali mwa mtsinje wa Avon. Amaitchula kuti Bristol and Bath Railway Path, chifukwa kale munkadutsa njanji.

Nkhani yake inayamba ndi kuluza kwa ndalama. Mu 1963, mkulu wa kampani ya boma ya sitima ku Britain, a Richard Beeching, anatulutsa lipoti lonena kuti njanji zambiri zikungodya ndalama. Iwo anati atseke njanji za makilomita pafupifupi 8,000 ndi masiteshoni oposa 2,000. Anthu anali atayamba kugula magalimoto awoawo, katundu naye atasamukira m'mathiraki. Njanji yodzera ku Mangotsfield ndi Bitton kupita ku Bath inasiya kunyamula anthu mu 1966. Patapita zaka, zitsulo zinazulidwa, panatsala tchire ndi milatho yopanda woyendapo.

Mu 1977, anthu ena a ku Bristol otopa ndi kupanikizidwa ndi magalimoto anayambitsa kagulu kotchedwa Cyclebag. Mmodzi wa iwo anali injiniya wa zomangamanga, a John Grimshaw. M'malo mongolemba makalata odandaula, anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito malo a njanji yakufayo. Mu 1979 anthu ongodzipereka, atanyamula mafosholo ndi mawilibala, anayala miyala yophwanyaphwanya pa chigawo choyamba, pakati pa Bath ndi Bitton. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pofika 1986 njira yonse inali itatha. Gululo linadzasanduka bungwe la Sustrans, lomwe mu 1995 linalandira mapaundi 42.5 miliyoni ochokera ku lotale ya dzikolo kuti lilumikize njira za njinga m'dziko lonse. Lero ukaona kachikwangwani ka buluu kokhala ndi nambala yoyera m'kabokosi kofiira, dziwa kuti uli pa imodzi mwa njirazo. Ya Bristol ndi Bath ili pa nambala 4.

Nanga bwanji njanji yakale imakomera njinga chonchi? Yankho lagona pa kufooka kwa sitima. Mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo amaterereka, motero sitima siikwanitsa chitunda chachikulu. Omanga njanji ankakakamizika kudula mapiri, kukwirira zigwa, kumanga milatho ndi kuboola njira pansi pa nthaka, cholinga choti mtunda ukwere pang'onopang'ono. Ntchito yodula kwambiri ija inagwiridwa kalekale ndi anthu ena, wanjinga amangolowa m'khonde lokonzakonza. Mwana wa zaka 7 atha kupalasa, agogo atha kupalasa, munthu wa pa njinga ya olumala nayenso amadutsa. Kuonjezera apo, njanji inkalumikiza mitima ya matauni, ndiye njirayo imakakusiya pomwe pali anthu, osati patchire.

Zoona m'njiramo zilipo. Pa Staple Hill njira imalowa pansi pa nthaka, m'mphanga mozizira momwe madzi amadontha kuchokera kudenga. Pa Mangotsfield pali makoma a siteshoni yakale. Pa Warmley, chipinda chomwe anthu ankadikiriramo sitima chinasanduka malo omwera tiyi. Pa Bitton okonda zakale anabwezeretsa kachigawo ka njanji, moti masiku ena umapalasa sitima ya malasha ikufuka utsi pambali pako. Ukafika ku Bath, mzinda wa akasupe otentha omwe Aroma anamangapo malo osambira, pali njira inanso yomwe inatsegulidwa mu 2013. Iyo imadutsa mu Combe Down Tunnel, mphanga yotalika kuposa kilomita ndi theka. Abale athu okhala ku Britain, apa ndiye poyambira: njirayi imayambira chapafupi ndi siteshoni ya Bristol Temple Meads, ndipo miyendo ikakana pobwerera, sitima yochokera ku Bath Spa imakubwezani m'mphindi zosakwana 20.

Musaganize kuti zonse ndi uchi. Walira mvula walira matope. Njira ikatchuka imadzaza, ndipo m'mawa othamangira kuntchito amalimbana ndi makolo operekeza ana kusukulu komanso oyendetsa agalu. Usiku, zigawo zina za mumzinda zakhalapo ndi mbiri ya achifwamba. Vuto lalikulu linadza mu 2008, pomwe akuluakulu a m'deralo anaganiza zodutsitsa mabasi othamanga m'mbali mwa njirayo ku chigawo cha Bristol. Anthu zikwizikwi anasayina chikalata chokana, ena anachita zionetsero, mpaka ganizolo linagwa. Malo opanda galimoto amakhala ndi omasirira nthawi zonse, ndipo amapulumuka pokhapokha owagwiritsa ntchito atayankhula.

Maiko ena anatengera nzeru yomweyi. Ku Spain, kuyambira 1993 akhala akusandutsa njanji zakufa kukhala njira zotchedwa Vías Verdes. Ku Austria, anthu amapalasa masiku angapo m'mbali mwa mtsinje wa Danube kuchokera ku Passau, kumalire a Germany, kukafika ku Vienna, mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo mbali yaikulu ndi njira yomwe kale akavalo ankakokeramo mabwato. Chomwe chimakopa maboma si thanzi la anthu lokha ayi, ndi ndalamanso. Wagalimoto amangodutsa pamudzi n'kusiya fumbi. Wanjinga amatopa, amamva njala ndi ludzu, tayala limamuphwera, dzuwa limamulowera. Ndalama yake imatsala kwa wogulitsa chakudya, wokonza njinga ndi mwini nyumba yogona alendo.

Kuno kwathu sitingakopere zonse ndendende. Njanji zathu n'zochepa ndipo tikuzifuna zamoyo, zizinyamula mafuta ndi feteleza kuchokera ku Nacala. Ndipo chonde, wina asatenge nkhaniyi ngati chilolezo chopalasa pa njanji yomwe sitima ikuyendabe. Imeneyo ndi imfa. Koma tili ndi chomwe Angelezi anachita kukhetsera thukuta kuti achipeze: njira zakumudzi zomwe galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Ganizirani timisewu ta m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, misewu ya m'nkhalango pamwamba pa phiri la Zomba, zitunda za ku Nyika komwe mbidzi zimakuyang'ana ukudutsa, kapena chilumba cha Likoma chomwe magalimoto ake ungathe kuwawerenga. Alendo amalipira ndege kudzapalasa m'malo amenewa, ife eni ake tili phee pa foni.

Chotilepheretsa china chili m'mutu. Ambirife tinakula tikuona njinga ngati chizindikiro choti zinthu sizinayende, chinthu chonyamulira makala ndi matumba a chimanga opita kuchigayo. Mnyamata akayamba ntchito, loto lake ndi kagalimoto, ngakhale kakhale kogona pa mzere wa mafuta masiku awiri. Koma taonani, omwe anamanga njira ya Bristol anali anthu a m'dziko lodzaza magalimoto. Iwo anazindikira kuti munthu sasiya njinga chifukwa chodana nayo, amaisiya chifukwa choopa kugundidwa. Mukamupatsa njira yotetezeka amabwerera yekha.

Ndiye ngati mukufuna kuyesa, simukusowa njinga ya magiya 21. Ya kunyumba ija ikwana, bola mabuleki akugwira ndipo tcheni chathiridwa oyilo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, matope atauma, kutentha kusanafike. Yambani ndi makilomita 15 kapena 20, munyamuke m'mamawa, mukhale awiri kapena atatu. Tengani madzi, pampu, zigamba ndi sulushoni, komanso ndalama ya m'manja chifukwa netiweki kumudzi ilibe pangano. Mapu a pa foni asungeni musananyamuke kuti azitseguka popanda intaneti, koma pa mphambano funsanibe anthu. Safunsa anadya phula. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, pemphani pa geti. M'nkhalango zotetezedwa muli malamulo ndi ndalama yolowera. Mukamadutsa pamudzi chepetsani liwiro, perekani moni, ndipo mukapeza maliro tsikani muyende pansi monga mwa mwambo. Musajambule munthu musanamupemphe.

Pobwerako, pali funso limodzi loti mukalisunge. Msewu wafumbi wa kwanu ukamadzathiridwa tala tonse tidzavina, ndipo n'zoyenera. Koma tala amabwera ndi liwiro, ndipo mwana wopalasa kupita kusukulu, mayi wopita kuchipatala pa kabaza ndi bambo wonyamula tomato ndiwo amayamba kukankhidwira kumbali. Nthawi yofunsa khansala kapena phungu kuti njinga idzadutsa pati ndi pomwe mapulani akadali papepala. Makina akafika, mpata wa mamita atatu umene ukanapulumutsa miyoyo umakhala utapita kale.