Petulo Si Sopo

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu pafupi ndi doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Amalume anga ali ndi boti la injini loolotsa anthu kupita ku chilumba cha Chisi. Tsiku lina injini itavuta ndinawathandiza kuimasula, ndipo pomaliza manja athu anali bii ndi girizi. Amalume anatsanulira petulo m'kachitini nati, "Samba apa mphwanga, sopo sangazithe zimenezi." Manja anayeradi. Koma khungu linatuwa ngati ndagwira phulusa, ndipo patapita masiku awiri zala zinayamba kung'aluka.

Anzanga amene simuodzera m'kalasi ya sayansi mukudziwa chifukwa chake. Chinthu chimasungunuka mwa chinzake chofanana nacho. Mchere ndi shuga zimasungunuka m'madzi, koma mukazithira mu petulo zimangokhala pansi. Petulo amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, choncho amasungunula abale ake: girizi, oilo, phula la pamsewu ndi penti wa mafuta. Ngakhale zoyera zopepuka zija amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni zimasungunuka mu petulo n'kusanduka phala lomata, ndipo ndaona asodzi akumatira phalali ming'alu ya boti. Luso limeneli sindikulinyoza ayi, pakuti boti lodontha limamiza anthu.

Chimene ndikukana n'chakuti petulo akhale sopo. Petulo sasankha. Khungu lathu lili ndi mafuta ake olitchinjiriza, ndipo iye amawachotsa pamodzi ndi girizi. Kutuwa kuja n'komweko. Choopsa kwambiri n'chakuti mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene amalowa m'thupi kudzera mu mpweya umene tikupuma ndiponso pakhungu, ndipo madokotala anatsimikiza kale kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Kale ankathiramonso mtovu, mpaka pamene maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere kumayambiriro kwa chaka cha 2006. Amalume anayamba za injini chaka chimenecho chisanafike. Za moto sindinena zambiri; aliyense akudziwa zimene ndudu imodzi ingachite pafupi ndi kachitini kaja.

Titatha kusamba, amalume anakhuthulira zotsalazo m'nyanja. Apa ndi pamene mtima wanga unawawa. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire wotulutsa madzi, koma Chilwa alibe mtsinje wotuluka. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, madzi n'kumachoka ndi dzuwa basi. Petulo amauluka, inde, koma girizi ndi oilo wakuda zimene anasungunula zimatsala. Nyanjayi ndi yosaya, moti mu 1995 inaphweratu ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Matemba, milamba ndi makumba amene makolo athu amagulitsa kuti atilipirire fizi amakhala m'madzi omwewo. Ndikuvomera kuti kachitini kamodzi sikangaphe nyanja. Koma kodi boti la injini lilipo la amalume okha?

Ena adzati sopo ndi wodula. Nanga petulo anatsika mtengo liti? Lamulo lomwe lija la zofanana lingatithandize: mafuta ophikira pang'ono amasungunula girizi bwinobwino. Mupake m'manja, mupukute ndi kansanza, kenaka musambe ndi sopo ndi madeya pang'ono okhulira.

Ndinawaonetsa amalume njirayi mwaulemu. Anaseka nati mafuta ophikira ndi a ndiwo, ndipo akazi awo atamva anakabisa botolo kuchipinda. Komabe chimodzi anavomera. Petulo wotsukira zitsulo za injini sakumutayanso m'nyanja. Akumusunga m'botolo lotseka, zinyalala zikadikha pansi n'kumugwiritsanso ntchito. Anavomera chifukwa anaona kuti akupulumutsa ndalama. Za manja sitinamvane, ndipo tsiku limene ndinkabwerera kuno ku seminale anandipatsa moni ndi dzanja long'aluka, likununkha petulo.