Mawu a Mkonzi: Ophunzira Udokotala Akusowa Owaphunzitsa M'mawodi

Kuchedwa kwa boma kulemba ntchito madokotala omwe anamaliza kale maphunziro kwafika potopetsa. Mu 2022 tinaomba m'manja pamene linalemba azaumoyo oposa 11,000, koma masukulu sanaleke kutulutsa ena, ndipo pofika 2025 bungwe la madokotala la RDAZ linalengeza kuti madokotala ogwira ntchito mongodzipereka, osalandira kanthu, asiya. Zambiri zanenedwa za iwowa ndi za odwala. Omwe sakutchulidwa ndi ophunzira omwe akubwera pambuyo pawo, aja timawaona atavala makhoti oyera m'zipatala zathu zazikulu. Dokotala akasowa m'wodi, wophunzira wasowa mphunzitsi.

Tisawapeputse anawa. Ndiwo amakhala pambali pa bedi la agogo ochokera ku Chadiza kapena ku Lundazi n'kuwafunsa modekha kuti chifuwa chinayamba liti, amwa mankhwala anji kunyumba. Ndiwo amayeza BP, kuika diripu, kuthamangira ku labu kukatenga zotsatira za magazi. Koma ntchito yawo sithera pamenepo. Zomwe wapezazo wophunzira ayenera kuzifotokoza kwa dokotala wamkulu pa nthawi yozungulira mawodi, wamkuluyo n'kumvetsera yekha pachifuwa cha agogowo, kenako n'kumuuza pomwe wamva bwino ndi pomwe waphonya. Nanga dokotala mmodzi wosenza mawodi awiri, mzere ukumudikira ku OPD, mphindi zimenezo azitenga kuti? Amangolemba mankhwala n'kudutsa. Wophunzira amatsala ndi cholakwa chake osadziwa kuti walakwa, ndipo mawa achibwereza pa wodwala wina.

Ena akuti ntchito imaphunzitsa yokha. Pa kuika diripu n'zoona, manja amazolowera. Koma kusiyanitsa malungo ndi matenda oumitsa khosi mwa mwana wotentha thupi sikubwera ndi kuzolowera. Pamafunika wina woti agwire khosi la mwanayo pamodzi ndi wophunzira. Ena akuti ndalama palibe, paja dziko linalephera kubweza ngongole mu 2020. Tikudziwa zimenezo. Komatu ndi boma lomweli lomwe lili ndi masukulu a udokotala ku Ndola ndi ku Livingstone kuwonjezera pa ya UNZA, ndipo linalolezanso masukulu ena omwe si aboma. Munthu sungachulukitse ophunzira chaka ndi chaka uku owaphunzitsa ali pakhomo kudikira kalata ya ntchito. Makolo akugulitsa chimanga ndi mtedza kulipirira maphunziro, pamene ana awo akungogwira ntchito yaulere popanda wowakonza, ndipo mawa lino ndi omwewa adzakhale okha pachipatala cha kumudzi usiku.

Unduna wa Zaumoyo ulembe madokotalawa, ndipo poika anthu m'malo uyambire zipatala zomwe zimalandira ophunzira, monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete. Mpaka zimenezo zichitike, a bungwe loyang'anira ntchito za azaumoyo la HPCZ asalole sukulu iliyonse kutumiza ophunzira ku wodi yomwe ilibe dokotala wodziwika dzina woti awayang'anire.